Boti Limene Tinaopa Kulikanda

Ndikukumbukira boti limene linkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kapena kuposerapo pang'ono. Amayi sankasunga zaka, ankangoti ndinabadwa chaka chimene nyumba ya agogo inapsa. Mukamva boti musaganize kuti ndife anthu a kunyanja. Ife ndife a ku Chiparamba, madzi timawadziwira m'chitsime ndi m'dambo basi. Botilo linali la mzungu wa pafamu ya fodya, amene anatseka mtsinje n'kupanga damu lalikulu. Lamlungu ankaimika mtengo wautali pakati pa botilo, n'kumangapo chinsalu choyera chimene amati thanga, mphepo n'kumamuyendetsa pamadzipo. Atapita kwawo analisiya. Atate, amene anali kalipentala wa pafamupo, analikoka ndi ng'ombe mpaka kwathu, ndipo nkhuku zinapeza poikira mazira.

Sukulu inali tsidya lina la damulo. Tinkaiona denga lake likuwala masana. Chilimwe munthu ankadutsa kumtunda, pamene mtsinje umalowera m'damu, madzi osafika n'komwe m'mawondo. Koma sukulu imatsegulira mvula ili pakati, ndipo nthawi imeneyo mtsinjewo sunkafuna munthu. Kuzungulira kukhoma la damu n'kukatulukira kumsewu unali ulendo wa munthu wamkulu. Mwana wojomba miyezi yoyambayo aphunzitsi ankamufufuta m'kaundula. Mchimwene wanga Mabvuto anamutumiza kukakhala kwa amalume tsidya lomwelo, koma amalumewo anali ndi mphasa ya mwana mmodzi yekha. Ine ndinatsala.

Tsiku lina atate anathamangitsa nkhuku zija, n'kuitana amuna a m'mudzi kuti awathandize kuligoneka boti chafufumimba pa zitsa.

"ATembo, mwayamba chiyaninso?" anafunsa amayi.

"Ndikufuna Tisa akalowe sukulu, anaPhiri," anatero atate akuloza ine. "Mvula ikubwerayi ndizimuwolotsa ndekha, pamodzi ndi anzake."

"Inu amene simudziwa n'kusambira komwe?"

"Amasambira ndi amene boti lake ndi lobooka."

Atate ankadziwa zitseko, ngolo ndi mabokosi a maliro. Boti anali asanaligwirepo, choncho ankaliyendera pang'onopang'ono ngati munthu woponda m'munda mwa eni. Anandipatsa msomali wautali kuti ndizibaya thabwa lililonse la kumimba. Pamene msomali wakana, ankati pali moyo. Pamene walowa fwa ngati m'dzungu lophika, ankalembapo ndi khala. Pomaliza mimba yonse inali mawanga akuda okhaokha, makamaka kutsata mtanda waukulu wa pakati umene iwo ankautcha msana. Fungo lake ndimalimvabe: bowa wakale ndi zitosi za nkhuku.

Matabwa abwino analibe. Anapita ku Chipata kwa Che Amidu, Msilamu wa sitolo ya misomali ndi malata, amene makolo ake anachokera ku Malawi ndipo anakulira pafupi ndi maboti. Che Amidu anabwera yekha pa njinga kudzaona. Anagogoda, ananunkhiza, n'kunena kuti, "ATembo, chotsani chowola chonse, musasiye ngakhale kachidutswa. Mukamaliza mudzandiuze. Matabwa a mlombwa ndi misomali yosachita dzimbiri ndidzakupatsani ine, poti ndi za ana a sukulu." Atate anayamba kusema. Madzulo aliwonse ndinkasesa zinyenyeswa zofiirira, zofumbutuka m'manja, n'kumaganiza za diresi la buluu limene atsikana a tsidya lija ankavala.

Ntchito ili pakati, kunja kukutentha, mango asanapse, inafika galimoto yoyera yochokera ku Lusaka. Munatuluka mayi wina wa magalasi akuda, mwamuna wa kamera pakhosi, ndi anyamata awiri ovala maovolosi atsopano. Mayiyo ankalankhula Chinyanja cha m'tauni, chodukaduka. Anati amalemba magazini, ndipo mwezi ndi mwezi amasankha chinthu chakale n'kuchikonza, kaya khitchini, kaya mpando, n'kuonetsa anthu mmene chinalili ndi mmene chakhalira. Kampani ya penti ndiyo inkapereka zonse. Nkhani ya boti anaimva kwa mphunzitsi wina mu basi.

"Boti ku Chipata, bambo! Dziko lonse lizakudziwani," anatero. "Anthu akaona dzina lanu, thandizo lizabwera lokha."

Atate anavula chipewa. Sindinawaonepo akusekerera choncho.

Choyamba wa kamera anafuna chithunzi cha kale. Anati tibwezeremo nkhuku. Tinazithamangitsa m'mudzi monse, amayi akutukwana chapansipansi, mpaka tinagwira thadzi limodzi n'kulikhazika pamwamba. Kenako mayi uja anati botilo alitembenuze likhale bwinobwino.

"Kumimba sindinamalize, mayi," anatero atate.

"Boti logona chafufumimba silioneka ngati boti, bambo. Lioneka ngati manda. Muzamaliza tikapita."

Analitembenuza. Mawanga a khala aja analowa pansi, kumdima. Mabowo amene ankaonekera m'mbali anyamata aja anawamata ndi phala loyera la m'chitini, lija amamatira magalasi a mawindo, n'kusalaza bwino ndi mpeni. Kenako penti. Yoyera mbee pamwamba, yabuluu m'munsi, kamzere kofiira pakati. Anabweretsa thanga latsopano lokhala ndi chizindikiro cha kampaniyo, chachikulu ngati lichero. Kunena zoona, chinthucho chinakongola. Agogo ena ataliona anagwira pakamwa, amvekere, "Kodi ndi lomwe lija tinkatayamo makoko a nthochi?"

Tsiku lomaliza analinyamula pa ngolo kupita nalo m'mbali mwa damu. Sanalilowetse m'madzi. Analikhazika pamatope, wa kamera n'kugona pansi chafufumimba kuti madzi aoneke kumbuyo ndi m'mbali. Mayi uja anatulutsa diresi la buluu m'chikwama n'kundiveka. Linali lalikulu, analigwira ndi mapini kumsana. Anandipatsa buku kuti ndilikumbatire.

"Seka, mwana. Onetsa mano. Ganiza kuti uyenda kusukulu."

Ndinaseka. Atamaliza anandivula diresi lija, n'kulipinda, n'kulibwezera m'chikwama pamodzi ndi buku. Anatisiyira zitini zinayi zopanda kanthu ndi burashi. Galimoto inapita, fumbi linakhazikika.

Apa ndi pamene anthu amayembekezera kuti ndinene kuti atate analitembenuzanso botilo n'kupitiriza kusema. Sanatero. M'mawa mwake anatenga nsompho yawo, anafika pa botilo, n'kuima. Analizungulira. Anasisita penti ija ndi chikhatho, n'kubwerera kunyumba. Anthu anayamba kubwera kudzaliona, ena kuchokera ku Mtenguleni komwe, pa njinga. Akwati ena anadzakhalamo atavala zaukwati. Mwana akaligwira ndi manja akuda, akuluakulu a m'mudzi ankamukalipira. Linasanduka ngati mbale zija za m'kabati zimene palibe amene amadyeramo.

"ATembo, kumimba kuja?" amayi ankawakumbutsa.

"Tidikire magazini ituluke kaye. Akabwera anthu aja n'kupeza ndalikanda, adzati ndine munthu wotani?"

"Adzati ndinu kalipentala."

"Phala lija ndi lachizungu, anaPhiri. Mwina lagwira."

"Mwina! Mwana wanu mukamukweza pa mwina?"

Magazini inafikadi, mitambo itayamba kuda. Anaibweretsa Mabvuto kuchokera kwa aphunzitsi ake. Mudzi wonse unasonkhana pansi pa mango. Tsamba lina panali nkhuku yathu ija, tsamba lina panali ine, mano panja, boti likuoneka ngati lili pakati pa madzi. Mabvuto anawerenga mojejema n'kumamasulira. Pankati boti lakufa lauka chifukwa cha penti yosalowa madzi, ndipo tsopano ana a m'mudzi muno akuwoloka tsiku ndi tsiku kupita kusukulu. Dzina la kampani linatchulidwa mobwerezabwereza. La atate analilemba kuti Tambo. Anthu anaomba m'manja. Atate anapempha kuti awerengenso.

Sabata yotsatira anapita kwa Che Amidu kukatenga matabwa, ndipo ananditenga kuti ndikaone tauni. Tinapeza magazini ija ili pa kauntala. Che Amidu anatuluka atatambasula manja.

"ATembo! Munthu wotchuka! Ndaona, ndaona, Mulungu ndi wamkulu. Nditangoona kuti a ku Lusaka akumalizirani, matabwa aja ndinawapereka kwa amayi ena amasiye amene chitseko chawo chinadyedwa ndi chiswe. Kumimba kuja anakuikirani mlombwa kapena chiyani?"

Ndinawayang'ana atate. M'sitolomo munali anthu ambiri, ndipo onse anali atatembenuka kuti aone munthu wa m'magazini. Atate anapotokola chipewa chawo m'manja.

"Anaika zawo zachizungu," anatero.

"Basi, ndi bwino. Iwe mwana, uzilimbikira sukulu, wamva?"

Anandipatsa switi. Ndinaigwira m'manja njira yonse mpaka inasungunuka.

Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, sukulu inatsegulira. M'mawa umenewo amayi anandisambitsa n'kundidzoza mafuta, anandiveka diresi langa la kutchalitchi. Tinalipo ana asanu m'mbali mwa damu, ndi makolo, ndi ongoonerera. Atate anati ayambe alowa okha. Amuna anakankhira boti m'madzi, ndipo linayandama. Anthu anakuwa, akazi nthungululu. Mphepo inagwira thanga lija, linatupa, boti n'kuyenda ngati kuchokera pakhomo kufika pankhokwe. Kenako tinaona atate akuyang'ana kumapazi. Anawerama, anayamba kukapa madzi ndi chipewa. Panalibe phokoso lililonse. Botilo linangofupika pang'onopang'ono, buluu anamira, kamzere kofiira kanamira, mpaka linakhala pansi pamatope. Atate anaima m'menemo madzi ali m'chiuno, atagwira mtengo wa thanga, chizindikiro cha kampani chikupepeluka bwinobwino pamwamba pa mutu wawo.

Wina anaseka, wina anamuletsa. Anawaponyera chingwe cha ng'ombe, n'kuwakoka. Palibe amene anafa, palibe amene anavulala. Anthu anabalalika kupita kukapalira.

Ine sindinalire. Amayi ankandiyang'anayang'ana, ndikhulupirira ankafuna ndilire kuti apeze chochita nane, koma m'kati mwanga munali zii, ngati phazi limene wakhalira nthawi yaitali. Tsidya lija belu linalira. Ndinalimva bwinobwino, chifukwa mawu amayenda pamadzi. Ndinapita kunyumba, ndinavula diresi, ndinatenga khasu langa laling'ono n'kutsatira amayi.

Chilimwe chitafika madzi anaphwa, boti linaonekera. Penti inali ikadali yowala. Atate anaponda kumimba, phazi linangolowa. Chinyezi chimene chinatsekeredwa mkati chinali chitadya msana wonse. Chaka chotsatira amayi anabereka mapasa, ndipo manja anga anafunika pakhomo. Chaka chinacho aphunzitsi anati ndakula. Zinangotha choncho. Atate sanatchulenso za boti mpaka imfa yawo, koma bokosi lililonse la maliro limene ankakhoma ankalipala kunsi komwe, kumene kukagona padothi, mpaka eni maliro ankadandaula kuti akuchedwa.

Mukandifunsa kuti magazini ija inatithandiza chiyani, ndikhoza kukuuzani. Zitini zinayi zija tinatungira madzi mpaka ndinakwatiwa, zinali zitini zolimba. Thanga amayi ankayanikapo ufa. Mapepala a magaziniyo agogo anayesa kupichirira fodya, koma anali oterera, osayaka bwino. Tsamba la chithunzi changa lokha ndi limene ndinasunga.

Masiku ano mdzukulu wanga Chikondi, amene akundilembera mawu awa, amandionetsa pa foni nyumba ndi magalimoto, uku zakale, uku zatsopano, n'kumati, "Agogo, taonani kusintha!" Ine ndimamufunsa kuti amene walipira chithunzicho akugulitsa chiyani, ndiponso ngati alipo amene anabwererako mvula itagwa. Iye amati ndine wovuta. Anthu aja sindidana nawo. Sanabwere kudzakonza boti, anabwera kudzagulitsa penti, ndipo ntchito yawo anaigwira bwino. Chimene ndazindikira ndi ichi: chowola chikakhala poyera chimaitana thandizo, koma ukachiveka zokongola chimathamangitsa ndi amene akanakuthandiza, mwini wakenso amayamba kuopa kuchikhudza. Atate anali ndi nsompho, anali ndi manja, anali ndi mnzawo wa matabwa. Chinawalepheretsa ndi kamzere kofiira.

Nthawi zina ndimatulutsa tsamba lija m'sutikesi, Chikondi n'kundiwerengera mawu a pansi pake, poti ine sinditha. Amati kamtsikanako kamapita kusukulu tsiku ndi tsiku. Ndimakayang'ana, mano panja, mapini osaoneka kumsana, sindimva kanthu. Ndimangokabwezera m'sutikesi.

Koma ndikapita kumsika ku Chipata kukagula ndowa, wogulitsa amandionetsa mbali yowala. Ine ndimaitembenuza chafufumimba, n'kugogoda kunsi.