Nkhuku Yakuda ya Abiti Uladi

Mwanamvua, amene pa depoti ya Mangochi amamutchula Abiti Uladi, anatsuka mapoto zaka zisanu ndi chimodzi pa loji ina ku Chembe. Wophika wa pamenepo anali wa ku Jamaika, ndipo anamuonetsa kakonzedwe ka nkhuku ka kwawo. Umasinja tsabola wa kambuzi, adyo, jinja, anyezi wa masamba ndi sinamoni, n'kufinyiramo mandimu, kashuga pang'ono. Ukaipaka mpaka m'mafupa, imagona m'ndowa, mawa lake n'kuiwotcha pa makala osayaka kwambiri.

Loji itatsekedwa, Abiti Uladi anagula mbaula n'kukhala pa depoti. Nkhuku yake inkatuluka yakuda bii, yoyabwa, koma madalaivala ankaima pamzere. Khumi ndi ziwiri zinkatha isanakwane swala, pemphero la masana la Asilamu. Pambali pake Che Jaffalie, amene anakalambira pamenepo akuwotcha ndi mchere wokha, ankagulitsa zinayi.

"Kuda kumeneko n'kwa chiyani?" Jaffalie ankafunsa ogula, mokweza kuti mayiyo amve. "Anachinja ndani? Zofa zokha izo, za chitopa. Tsabolayo n'ngobisira fungo."

Ogula ambiri pa depotipo ndi Asilamu, ndipo nyama yosachinja saikhudza. Sabata isanathe, khumi ndi ziwiri zija zinasanduka ziwiri. Mayi wina anachita kulavula podutsa.

Lolemba Abiti Uladi anafika ndi nkhuku zamoyo zisanu ndi imodzi, n'kuziponya pamapazi a mdani wakeyo.

"Chinjani, Che Jaffalie. Kapena chakuthwa ndi pakamwa pokha?"

Jaffalie anachinja zonse anthu akuona. Popukuta mpeni anati, "Nanga tidziwa bwanji kuti za mawa ndi zomwezi? Ndowa yanu imagona kwanu, abiti."

"Ikagone kwanu. Mukaifunditse ndi bulangete lomwe."

Anthu anafa nacho chiseko. Koma kuti ndowa ipite, nkhuku zinayenera kupakidwa pomwepo. Mayiyo anaitanitsa mtondo n'kuyamba kusinja, thukuta lili kamukamu, mtima ukuwira. Jaffalie yekha sanaseke. Maso ake anali mumtondo, milomo ikugwedera powerenga: kambuzi asanu ndi atatu, mandimu anayi, shuga supuni ziwiri. Mayiyo anamuona, koma kuleka pakati kukanakhala kuvomera bodza lija. Anasinjabe.

M'mawa Jaffalie anabweretsa ndowa ija yekha, nkhope itakwinyika. Zonse zinatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo za chitopa palibe anazitchulanso.

Lachisanu, utsi wa pambaula ya Jaffalie unanunkhira kambuzi ndi sinamoni.

"Wakuba!" anakuwa Abiti Uladi.

"Ine ndinangochinja, abiti. Osinja munali inu."

Lero mbaula ziwirizo zili pomwepo, motalikirana mapazi asanu. Mayiyo amagulitsa zisanu ndi zinayi, Jaffalie zisanu ndi ziwiri. Sapatsana moni. Kusinja mayiyo amasinjira kunyumba, chitseko chili chotseka, koma nkhuku amachinjitsa pa depoti, kwa wina aliyense kupatula Jaffalie.