Mayi Mdima ndi Selo Lawo

Pa mapepala a ntchito, amene tonse timawatchula kuti Mayi Mdima ndi wotsuka mabotolo. Ofesi yolemba anthu ntchito yakhala ikukonza zimenezi kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tikumva kuti fayilo ikuyenda bwino.

Ntchito yawo yeniyeni ili m'kachipinda kopanda zenera, kumapeto kwa labotale. Mmenemo amalera maselo amoyo m'timbale tagalasi, pansi pa maikulosikopu. Maselowo anawaika chizindikiro chowala: jini, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, ikayamba kugwira ntchito, m'selomo mumaoneka kadontho kobiriwira. Kadonthoko n'kamanyazi. Nyali ikayaka sikaoneka, kuwala kukanyanya kamazilala. N'chifukwa chake mayiwa amagwira ntchito mumdima, ndipo zala zawo zimadziwa pali chilichonse.

Sabata ina anali atalondera selo limodzi masiku anayi, kudikira kuti jini yake iyake. Imayaka mphindi zochepa chabe, ndipo ukaphonya umayambiranso ntchito ya mwezi wathunthu. Lachinayi m'mawa a dayilekitala anafika ndi mlendo wochokera kulikulu, wojambula ali pambuyo. Mwambo wa alendo otere ndi umodzi: kuvala jasi loyera, kuika diso pa maikulosikopu, n'kujambulitsa.

"Mayi, yatsani magetsi," anatero a dayilekitala.

Mayi Mdima anaima pakhomo, nji!

"Pepani bwana, lero sayaka."

"Mukudziwa amene ndabwera nawo?"

"Ayi bwana. Mumdima muno tonse timafanana."

"Mawa mulandira kalata!"

"Ndilandira ndi manja awiri. Koma seloli silidikira bwana aliyense."

Mlendoyo anaseka, n'kufunsa ngati munthu wopanda kamera angalowe. Mayiwa anamugwira pamkono ngati akuwolotsa mwana msewu, n'kumukhazika pakampando. Mlendoyo anakhala chete mphindi makumi anayi, zimene dalaivala wake akuti sizinachitikepo chilandirireni udindo.

Kenako pasikirini ya maikulosikopu panatulukira kadontho, phethi-phethi.

"Iii, ndi kameneka?" ananong'ona mlendoyo.

"Kameneko, bambo. Musagwedeze tebulo."

Makina anajambula zonse mpaka kadonthoko kanazima kokha.

Kalata inabweradi, ya masamba awiri, yokumbutsa kuti wotsuka mabotolo saloledwa kukhudza maikulosikopu. Chithunzi cha selo lija chinatuluka pachikuto cha lipoti la pachaka, pansi pake pali dzina la a dayilekitala.

Mayi Mdima anaiwerenga kalatayo kawiri, n'kuyamikira kuti pepala lake ndi lokhuthala bwino. Pansi pa chitseko chawo panali kampata kamene kankalowetsa kuwala, ndipo anali atakadandaulira ku ofesi zaka zitatu. Anaipinda kalatayo kanayi n'kutsekapo.