Funso Lalowa M'holo, Mwini Wake Ali Pageti

"Ndati nsaluzo siyani pompo, inuyo bwererani kwanu! Kapena ndikulankhula ndi gonthi?"

Ameneyo anali mlonda wa pageti la holo, dzulo m'mawa, akukalipira alamu anga, munthu wa imvi zake, atanyamula nsalu zoyera za patebulo ngati wanyamula khanda. Za gonthizo sananame kwenikweni, khutu lamanzere la alamu linapuma ntchito kalekale. Koma anga awiriwa amagwira bwinobwino.

"Iwe, sikipa yaulereyo isakupusitse," ndinatero. "Ukuwadziwa amenewa?"

"Ndikuwadziwa. Ndi a Funso. N'chifukwa chake salowa."

Analanda nsaluzo n'kuzipatsira mnzake kuti azilowetse. Nsalu zinalowa, wozisita anatsala. Ine ndimagulitsa machaja ndi zikwama za mafoni pakona ya msewu womwewo, ndipo pakamwa panga si pobwereka, choncho nkhaniyi muimva yonse.

Alamu anga ndi osita zovala. Ali ndi kachipinda kuseri kwa telala: tebulo lalitali loyalidwa bulangete lakale, nsimbi ziwiri, botolo lobowola chivindikiro lowazira madzi, ndi waya wa mahang'ala wochokera pazenera kukafika pachitseko. Anakwatira mlongo wanga wamkulu, mkazi amene ankakonda mabuku kuposa miseche. Iye ankakhala pakampando ka pakona n'kumawerenga mokweza, alamu akusita. Alamu kuwerenga amatha, koma ankati zilembo zimakoma zikadutsa pakamwa pa mkazi wawo.

Vuto linali limodzi. Munthu akangofa m'bukumo, alamu ankaima n'kukuwa, "Amupheranji?" Tsiku lina anaiwala nsimbi pa thalauza la loya wina, ndipo loyayo anakaimira mlandu atavala jekete lalitali tsiku lotentha. Mlongo wanga ankangoti, "Abambo, ine ndikungowerenga. Kafunseni amene analemba."

Kenako mlongo wanga anadwala. Alamu anatseka kachipinda kaja n'kukakhala pambali pa bedi lake kuchipatala mpaka mapeto. Buku limene ankawerenga lidakali pashelefu, chipeso chake chili pakati pomwe analekezera. Palibe amene amaligwira, ngakhale pofuna kupukuta fumbi.

Tsidya lina la msewu wathu kuli holo, ndipo chaka chilichonse mumachitika chikondwerero cha mabuku. Olemba amabwera n'kukhala pamipando yofewa, kutsogolo kwawo tebulo la nsalu yoyera ndi mabotolo a madzi, n'kumacheza za mabuku awo anthu akumvetsera. Ntchito yosita nsaluzo inagwera alamu. Ulendo woyamba anachedwa akuwongola makwinya pakona ya tebulo, zokambirana n'kuyamba, ndiye anangodzigwetsa pampando wakutsogolo kuti asatchinge anthu.

Wolemba atamaliza kudzitama, amayi otsogolera zokambirana anati, "Pali funso?"

Zii. Anthu omwewa amene m'minibasi amadziwa zonse, kuyambira mpira mpaka chifukwa chake mvula yachedwa, aliyense anayamba kuwerenga zingwe za nsapato zake. Wolemba uja anamwa madzi, n'kumwanso, botolo mpaka kulira. Pamenepo alamu anakumbukira mawu a mkazi wawo. Anakweza dzanja.

"Pepani bwana, ine buku lanulo sindinawerenge. Koma munthu ujayu munamupheranji?"

Holo yonse inafa ndi kuseka. Koma wolembayo nkhope inawala ngati wapaka mafuta. "Funso lakuya kwambiri!" anatero, ndipo analiyankha mpaka anthu anayamba kumva njala.

Apa m'pamene tinadziwira chinsinsi cha anthu amenewa: palibe wolemba amene m'manja mwake mulibe magazi. Wa nkhani zachikondi anapha mkwati. Wandakatulo anapha amalume ake. Wa mabuku a ana anapha galu. Ngakhale wina wolemba za ulimi wa tomato anaganiza pang'ono n'kuulula kuti mbozi zija anazipha ndithu, ndipo anafotokoza ndi mankhwala ake. Funso limodzi, kukwana aliyense ngati chipewa cha lastiki.

Kuyambira pamenepo alamu anasanduka a Funso. Anawapatsa mpando wawowawo kutsogolo, mbali imene khutu labwino limaloza kwa olemba. Anawapatsa kariboni kopachika m'khosi ndi tiyi wa alendo olemekezeka. Chete akangogwa, amayi otsogolera ankamwetulira n'kuti, "A Funso, titsegulireni." Chinthu chimodzi chokha anawapempha. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Agogo, zoti simunawerengezo muzizisiya. Zimakhumudwitsa alendo athu. Muzingofunsa funso lanulo basi."

Alamu ndi munthu womvera. Anazisiya.

Sabata imeneyo ndiyo ankakhalira moyo. Jekete ankalisita kawiri. Madzulo akaweruka ankabwerera m'kachipinda kaja n'kukapereka lipoti kwa kampando ka pakona. Ndinawapezapo akunena kuti, "Mayi, walero akuti anamupha chifukwa mutu womaliza unkafuna maliro. Wadzulo uja akuti sanamuphe ndi iye, anafa yekha. Onama onsewa." Akatero ankaseka, n'kuyatsa nsimbi.

Ndiye chinafika chaka chatha. Tsiku limenelo kunkayenera kubwera bambo wolemba nkhani za apolisi ndi zigawenga, munthu amene amapha anthu tsamba lililonse. Galimoto yake inafera m'njira. M'malo mwake anaikapo mayi wina wowonda, wolankhula motsitsa. Analengeza za kusinthako, inde, koma nthawi imeneyo maikolofoni inali itakwiya, ndipo wolengezayo anaima kumbali ya khutu lopuma lija.

Buku la mayiyo silinali lopeka. Linali la mwamuna wake weniweni, amene anagona nthawi yaitali kuchipatala akupumira makina, mpaka madokotala anamufunsa mayiyo ngati avomera kuti makinawo azimitsidwe. Anavomera. Achibale a mwamunayo sanamukhululukire. Zonsezi anaziwerenga ndi mawu onga a munthu wopemphera, ndipo alamu anangotolapo liwu limodzi: anamwalira.

Atamaliza, kunali zii. Koma uyu sanali chete wa zingwe za nsapato, anali wa misozi. Alamu si chitsiru. Anaona anthu akupukuta m'maso, manja awo n'kuwasunga pamaondo. Ine ndinali kumbuyo ndi katundu wanga, ndinaona. Dzanja sanakweze.

Koma amayi otsogolera chete amamuopa ngati njoka. Anatsika okha pansanja, maikolofoni m'manja, n'kuwaika pakamwa.

"A Funso, mwatani lero? Titsegulireni."

Munthu womvera uja anaimirira, n'kukonza jekete.

"Mayi, munthu ujayu munamupheranji?"

Maikolofoni imene inakana ntchito tsiku lonse, pamenepo inagwira mpaka kumveka kumsewu.

 Mayi uja anatola chikwama chake n'kutuluka. Mafoni anali m'mwamba kale, ena mwa iwo ovala zikwama zogula kwa ine. Alonda anawagwira alamu pakolala n'kuwakokera panja, kariboni n'kuwavula pakhomo. Pofika madzulo kanema anali paliponse: nkhalamba yopanda umunthu yanyoza namfedwa. Akuluakulu a chikondwerero analengeza kuti munthuyo sakumudziwa, anangolowerera. Sakumudziwa! Munthu amene anamwa tiyi wawo mpaka kapu inazolowera milomo yake!

Ine ndinakapeza buku la mayi uja. Ndinakhala pakampando ka mlongo wanga, koyamba chimwalirireni iye, n'kuyamba kuwawerengera alamu, ndikupunthwa pamawu ngati woledzera pamiyala. Titafika pa tsamba la kuchipatala, alamu anazula nsimbi kumagetsi. Sanafunse kuti amupheranji. Anakhala pamulu wa zovala za eni ake, chinthu chimene sanachitepo.

"Mlamu," anatero, "mayi ameneyu ndinamuponda pachilonda. Mpando wa pambali pa bedi uja ine ndimaudziwa."

"Si inu, alamu. Anakuikani maikolofoni pakamwa."

"Pakamwa panali panga."

Kuyambira tsiku limenelo alamu akhala ndi khumbo limodzi lokha: kuima pamaso pa mayiyo n'kunena kuti pepani. Za mpando ndi tiyi sazitchula. Chaka chonse akhala akuwasita mawu amenewo, kuwatembenuza, kuwasitanso. Atamva kuti mayiyo abweranso chaka chino, anagula batani latsopano la jekete. Ndipo sabata yatha dalaivala wa chikondwerero anabweretsa nsalu za patebulo monga mwa nthawi zonse, poti anthu osamudziwa munthu amadziwa bwino pamene pali chitseko chake.

Ndi mmene tinapezekera pageti paja. Tsopano ndikuuzeni zimene zinalembedwa pa sikipa ya mlonda uja, pachifuwa penipeni, zilembo zofiira: MUNAMUPHERANJI? Pa chinsalu chachikulu pamwamba pa khomo, mawu omwewo. Pa zikwama za alendo, omwewo. Ndilo dzina la buku latsopano la mayi uja, ndipo akuluakulu analikonda mpaka kulisandutsa mutu wa chikondwerero chonse.

"Ukudziwa mwini wa mawu ali pamtima pakowo?" ndinamufunsa mlondayo.

"Ine ndimavala zimene andipatsa, achimwene."

Sitinachoke. Anthu anadzaza holo mpaka ena kutsala panja, ndiye anatulutsa zokuzira mawu. Tinamva mayi uja akuyamba, ndipo ulendo uno mawu ake anali ndi msana.

"Funso limeneli aliyense ankalinong'ona kumbuyo kwanga," anatero. "Achibale, aneba, ngakhale ine mwini ndikadziyang'ana pagalasi. Munthu mmodzi yekha ndiye anandifunsa pamaso. Tsiku lija ndinathawa. Buku ili ndi yankho langa kwa iye. Ngati bambo amene uja ali muno, chonde aimirire."

M'manja munaombedwa ngati mvula pamalata. Alamu anali ataimirira kale, kuyambira m'mawa, kungoti kunja kwa geti.

Kenako anamveka amayi otsogolera, mawu atawathira shuga. "Mayi, agogo athu okondedwa aja tawafunafuna paliponse, sitinawapeze. Zikuoneka kuti anatisiya. Tiyeni tonse tiimirire, tikhale chete pang'ono powakumbukira."

Mipando inalira, anthu akuimirira. Holo yonse zii. Amayi oopa chete aja, dzulo anachita kumuitanitsa okha, zala zawo zitagwira nsalu imene malemuyo anasita dzana.

Alamu ataona anthu a panja aweramitsa mitu, nawonso anavula chipewa.

"Wamwalira ndani, mlamu?"

"Inuyo, alamu."

Anaganiza kaye. "Aa. Nanga pepani wanga uja ndimupereka bwanji?"

Ndinatembenukira kwa mlonda. "Wamva? Akuwafuna m'katimo! Tsegula!"

"Ine anandiuza kuti asalowe," anatero. "Zoti amwalira sanandiuze. Akabwera kudzasintha lamulo, nditsegula."

Ndinagwedeza geti mpaka loko analira. Ndinakuwa mpaka mawu anandithera, koma m'katimo anali atayambanso kuomba m'manja. Mayi uja anamutulutsira khomo lakumbuyo, galimoto n'kunyamuka, akukhulupirira kuti amene anamulembera buku ali m'manda. Alamu anabwerera m'kachipinda kawo, anavula jekete, n'kulipachika pawaya. Kwa kampando kaja sananene chilichonse.

Chikondwerero chitha mawa, ndipo mayiyo akadali m'tauni muno. Choncho inu amayi otsogolera, ndikudziwa kuti mumawerenga, ndiyo ntchito yanu. Munawadula mawu ndinu. Munawaika maikolofoni pakamwa ndinu. Munawakana ndinu, funso lawo n'kulisindikiza pamasikipa. Mawa m'mawa ine ndi malemu tidzakhala pageti pomwepo, atavala jekete lawo. Mudzatuluke ndi mayi uja kuti alandire pepani wake, ndipo mudzabwere ndi maikolofoni yogwira ntchito, chifukwa nanenso ndili ndi funso, ndipo simudzaliyankha ndi botolo la madzi. Alamu angawa munawapheranji?