Ombwe pa Kapinga wa Dona

Njala ya 1949 inatisiya opanda mbuzi, opanda chovala, ine ndili mkamwini wa manja awiri okha pamudzi wa mkazi wanga kufupi ndi Golomoti. Tsiku lina ndinapeza mkazi wangayo, Nangozo, atabisala m'bango kumtsinje, kudikira kuti nsalu yake imodzi yomweyo iume. Ndinabwerera ndi manyazi, iye osandiona. Tsiku lomwelo ndinamuuza kuti ndikupita ku Halale. Sanalire ayi. Anangoti, "Pitani, koma musakatchone." Mwana wathu Marita anali wa miyezi isanu. Ndinakwera sitima pa Golomoti pomwepo, chitupa changa nditachifumbata ngati dzira.

Ntchito ndinaipeza ya m'gadeni kwa mzungu wina. Ha, ntchito yake! Kwathu udzu ukamera pakhomo amakuseka kuti ndiwe mlesi, timapala mpaka dothi liwale. Kumeneko ankandilipira kuti ndizithirira udzu ndi kuumeta, ati kapinga. Woyankhula naye chinenero chathu anali mmodzi yekha, a Amidu a ku Nkhotakota, amene ankaphika m'nyumbamo. Iwo akatanganidwa ndinkacheza ndi agalu awiri a bwana, ndipo sindikunama, ndinkawauza za kwathu. Ndalama pang'ono ndinkatumiza ndi anthu obwerera kumudzi, pamodzi ndi kalata. Zotsala ndinkagula nsalu, mbale, bulangeti, n'kumaika m'bokosi langa lachitsulo kuti ndidzafike nazo ndekha, anthu adzaone.

Chaka chachitatu mvula inachuluka, nkhupakupa n'kubuka. Zinkakwera kunsonga za kapinga n'kumadikira chodutsa. Nthata nazo mbwee, ukayenda pansi pa mtengo pomwe agalu ankagona miyendo inkada bii. Bwana ankasambitsa agalu ndi mankhwala a m'chitini, koma akangowamasula pa udzu paja, mawa lake zabwerera. Galu mmodzi anadwala, maso achikasu, n'kufa. Kenako dona, mkazi wa bwana, anapeza nkhupakupa kuseri kwa khutu la mwana wake Tomi, yemwe anali atangoyamba kukwawa. Anandiitana, kachilomboko atakaika pa pepala, akukalipa m'Chingerezi. A Amidu anamasulira: "Achimwene, akuti akapezanso ina, akusainirani chitupa muzipita." Ndipo ku Halale munthu wosainiridwa chitupa ankangotoledwa ndi apolisi pamsewu ngati nkhuku yosochera.

Ndinakumbukira ombwe, chitsamba chija amuna timasinja masamba ake n'kuthira padziwe kuti nsomba ziledzere. Amalume anga ankasambitsira agalu ndi mbuzi, nkhupakupa n'kumayoyoka. Ndinapempha a Amidu kuti amuuze dona. Yankho linabwera lalifupi: mankhwala akumudzi pakhomo pake sakuwafuna, ndipo ndisadzayerekeze.

Ndinayerekeza. Mantha ochotsedwa ntchito anaposa mantha a lamulo lake. Munthu wina wakwathu wogwira ntchito pa famu anali ndi mpanda wa ombwe, anandithyolera thumba lathunthu. Loweruka ndinkasinja masamba m'chitini cha penti kuseri kwa kachipinda kanga, n'kuviika m'mgolo ndi kachidutswa ka sopo. Lamlungu azungu akapita kutchalitchi, ndinkasefa ndi chiguduli n'kuwaza ndi kheni yothirira maluwa kapinga yense, makamaka m'mbali mwa mpanda ndi pansi pa mtengo paja. Akamabwera dzuwa linali litaumitsa. Masabata atatu okha, galu wotsala uja analeka kudzikanda, ndipo ndinkayenda pa udzu miyendo yoyera. A Amidu anandipezerera tsiku lina kheni ili m'manja. Anapukusa mutu nati, "Ine sindinaone kanthu, achimwene."

Lamlungu lachinayi azungu anabwerera msanga. Kapinga anali chinyowere. Ndili kuseri kwa mpanda, ndinaona dona akumutsitsa Tomi pa udzu. Mwana uja anakwawa, anazula udzu ndi kadzanja kake, n'kuika m'kamwa. Ndikanakuwa. Sindinakuwe. Kukuwa kunali kudziulula.

Lachiwiri Tomi anatentha thupi. Lachitatu ndinamuona pawindo ali m'manja mwa amake, maso ali psuu, misozi ikungotuluka, akutsokomola, chakudya akukana. Masana galimoto ya dokotala inaima pakhomo. Ine ndinali kumeta mpanda. A Amidu anatuluka ngati akukataya madzi, nanong'ona osandiyang'ana: "Dona akuti dokotala akachoka akufuna akufunseni mawu."

Mayo ine! Ndinkadziwa mmene ombwe amachitira ndi nsomba. Zimayandama, mimba kumwamba, kukamwa kuli yasa. Ndinamuona Tomi ali choncho m'maso mwangamu. Ndipo munthu wakuda wodyetsa mwana wa mzungu mankhwala, ataletsedwa kale, mlandu wake ndi wa chingwe, zimenezo ngakhale wosaphunzira ankazidziwa. Sindinalowenso m'kachipinda kanga. Ndinatulukira pachipata chakuseri, bokosi langa ndi zonse zinali momwemo n'kutsala.

Ulendo umenewo sindikonda kuukamba. Sitima sindikanakwera, amafunsa chitupa. Ndinadzera ku Mtoko, pena pansi, pena pamwamba pa matumba m'lole, mpaka ku Tete, komwe jekete langa ndinapatsa mwini bwato kuti andiwolotse mtsinje. Munthu aliyense wa kabudula wa khaki anali wapolisi kwa ine. Ndikamva galimoto kumbuyo ndinkadziponya m'tchire, minga osaimva. Chakudya chopempha ndinkachisiya osadya, ndikaganiza kuti mwina nthawi yomweyo akukumba kamanda kakang'ono. Ine mwana uja ndinkamukonda, ankandigwira chala ndikamadutsa ndi wilibala. Ndinatsika chitunda cha Khwekhwerere kulowera kuchigwa kwathu mapazi atang'ambika, m'manja muli zii.

Pamudzi sindinalowere kunjira. Ndinadzera m'chimanga ngati mbala, n'kusuzumira kuseri kwa nyumba. Ndinaona Nangozo ali ndi mphika wa madzi obiriwira, akuviikamo tsache n'kumawaza pabwalo. Fungo lake ndinalidziwa ndisanaganize n'komwe. Ndipo pomwepo, pa dothi lonyowalo, khanda la mlamu wanga linali kukwawa, likunyambita dzanja.

Zimene ndinachita anthu amandiseka nazo mpaka lero. Ndinatumphuka m'chimanga muja ndikukuwa, ndinatsomphola mwana, ndinathamangira pa mtsuko n'kuyamba kumutsuka m'kamwa ndi chala, iye akulira ngati akumupha. Amayi anabalalika, ankayesa wamisala. Nangozo anataya tsache.

"Bambo a Marita! Ndinu? Mwatani kodi?"

"Mupha mwana! Ombwe uyu, mupha mwana!"

Apongozi anga, amene mwamwambo sitinkayang'anizana, anathawira kuseri kwa nkhokwe, koma mawu awo anamveka mudzi wonse. Ankalankhula kwa mwana wawo: "Uwauze akhazike mtima pansi. Ombwe tawaza pabwalo pano chikwatiwire ine, utitiri ukavuta. Iweyo unakwawa pomwepo, Marita wakwawa pomwepo. Mwana si nsomba. Bola osamumwetsa."

Ndinakhala pansi, khanda lili pamiyendo. Ine wobadwira kuchigwa konkuno, sindinkadziwa. Amuna ombwe timamudziwira kumtsinje ndi kukhola. Za pabwalo amayi amachita ife tili kumunda, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake m'nyumba mwathu tinkagona osadzikanda.

Ndinamufotokozera Nangozo zonse kuseri kwa nyumba. Iye anandifunsa ngati woweruza. Masamba ochuluka bwanji? Madzi ochuluka bwanji? Mwanayo anamwa kapena anangoluma udzu? Nditayankha anatsonya. "Madzi amenewo ngakhale matemba sangaledzere nawo. Nanga anadwala bwanji?" Ndinamuuza za maso ofiira, chifuwa, kutentha. 

"Chikuku chimenecho. Marita anadwala chomwecho chaka chatha. Ndinamubereka mpaka kuchipatala ku Mua akupuma mobanika, amayi atayamba kale kulira."

"Bwanji simunandilembere?"

"Mukanatani muli ku Halale? Mukanangodwala nanu."

Mawu amenewo anandilasa, koma mantha sanachoke. Ndinkati mkaziyu akungonditonthoza, mwana wa mzungu thupi lake n'lofewa, sangafanane ndi athu. Ndinalemba kalata kwa a Amidu m'dzina la mlamu wanga, n'kudikira. Miyezi inayi! Belu la njinga likalira kunjira, ine ndili kale m'munda, kuyesa apolisi. Kumsika wa ku Mtakataka sindinkapondako, kutchalitchi ndinkaopa kuti dzina langa lili m'buku. Anthu akabwera kudzandilonjera ankauzidwa kuti ndatuluka, ine ndili gone m'mizere, nyerere zikundiyenda. Ndinaonda kuposa nthawi ya njala.

Yankho linabwera chimanga chitauma. Ndinayendayenda nalo m'thumba kuyambira m'mawa, osalitsegula, mpaka Nangozo anati, "Tsegulani, kapena ndipite nalo kwa aphunzitsi awerenge pamaso pa ana asukulu." Ndinatsegula n'kuwerenga mokweza.

A Amidu analemba kuti tsiku lotsatira nditathawa Tomi anatuluka tizilonda thupi lonse, chinali chikuku, ndipo anachira, tsopano akuthamangitsana ndi galu. Dona ankangofuna kundifunsa ngati ku famu komwe ndinkapita kucheza kunali ana odwala. Za ombwe sanadziwe konse. Koma dzina langa analipereka kupolisi chifukwa chothawa ntchito, choncho ndisadzabwererenso, ndipo bokosi langa analipatsa wa m'gadeni watsopano.

Ndinalira, munthu wamkulu, pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinalira chifukwa mwana ali moyo, ndinaliranso chifukwa cha kupusa kwanga. Thukuta la zaka zitatu linatsala kwa munthu wosamudziwa, chifukwa sindinadikire kumva funso limodzi. Ndinayembekeza kuti Nangozo afunsa za nsalu zake. Sanafunse.

"Ndiye mwana wa eni ake ali moyo?"

"Ali moyo."

"Chabwino. Tsopano lekani kugona m'munda, anthu ayamba kunena kuti ndinakwatiwa ndi nyani. Dzulo Marita anandifunsa kuti bambo amathawa njinga aja ndi ndani."

Ndinapukuta m'maso, ndinaitana mwana wanga ndi dzina lake mokweza, koyamba chibwerereni. Anabwera kuchokera kwa anzake, anaima patali, anayang'ana amake. Kenako anagwada bwinobwino, manja pamodzi, nandipatsa moni umene amapatsa alendo.