Majekete Atatu a Bambo Anga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Munda wathu unali kumene lero mukuti ku Area 47, ndipo chimanga cha chaka chimenecho chinatalika moti pothyola chachiwisi tinkakwera makwerero. Izi ndi zoona, ndinkagwirira makwererowo ndine.

Anthu oyeza malo anali atakhoma kale zikhomo zofiira m'mundamo, nanena kuti padutsa msewu. Bambo sankakana msewuwo. Ankangofuna kuti chimanga chiume kaye tikolole, poti nkhokwe yathu inali mbee, mpaka makoswe anasamuka osatsanzika.

Bambo anga anali munthu woonda. Akaima chammbali, amayi ankawaitana mokuwa ali pomwepo. Koma nyama ankazidziwa. Tsiku lina galu wathu anapeza bilimankhwe pamzere. Kanyamako kanadzitukumula, kuda bii, kuyasamula kukamwa n'kumafwemphera ngati tayala lobooka. Galu anabwerera chammbuyo, mchira pakati pa miyendo.

"Waona, Yosefe?" anatero bambo. "Liwiro alibe, mphamvu alibe. Koma wadzikulitsa, galu wayamba kuganiza. Mdani akangoyamba kuganiza, iwe wapulumuka."

M'mawa umene buludoza inafika, tinaimva isanaoneke. Nthaka inkanjenjemera, fungo la dizilo lili gu. Bambo analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala majekete atatu: lawo la kutchalitchi, la amalume, ndi chikhoti chachikulu chobwereka kwa mlonda wina. Dzuwa linali loswa mtengo.

"Abambo ake Yosefe, mwadwala malungo?" anafunsa amayi.

"Khalani chete, anaBanda. Ndikupita kukaoneka."

Ndikulumbira, tsiku limenelo bambo anadzaza khomo lonse. Anakaima kumutu kwa munda, miyendo tang'a, chifuwa patsogolo, khasu m'mwamba. Anakhosomola chikhosomolo chimene akhwangwala a ku Old Town akuchikumbukirabe. Ine ndinaima pambuyo pawo, nditafufumitsa masaya mmene ndikanathera.

Buludoza inaima. Mtima wanga unati zatheka.

Dalaivala anatsika, mnyamata waulemu, navula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Koma simukumva kutentha?"

"Pano simudutsa mpaka ndikolole!" anabangula bambo.

"Ine ndikukuopani ndithu, bambo. Koma ndangotumidwa. Amene analamula ali ku ofesi ku City Centre."

"Kawaitaneni adzandione!"

"Iwo sabwera kuno. Ngakhale ineyo sindinawaonepo."

Bambo anaimabe pomwepo, khasu likadali m'mwamba. Thukuta linkatsika m'manja mwa majekete onse atatu, n'kumagwera pa zala za kumapazi. Kenako khasulo linayamba kutsika lokha, pang'onopang'ono. Dalaivala anatilola kuthyola zimene tikanatha iye akumwa madzi. Tinathyola ngati amisala, amayi akulira chamumtima, koma chimanga chambiri chinali chisanakhwime. Njere zake zinkatuluka mkaka ukazitsina. Dzuwa lisanapendeke, munda wonse unali dothi lofiira losalala, lonunkhira mapesi ophwanyika.

Pobwerera kunyumba bambo anavula majekete aja limodzilimodzi, n'kundipatsa kuti ndinyamule. Jekete lililonse likachoka ankachepa, mpaka ndinayamba kuopa kuti akavulanso malaya sindiwapeza. Chaka chimenecho tinadya za maganyu, ndipo bambo anakalowa ntchito yosamalira maluwa kwa bwana wina wochokera ku Zomba.

Kwa zaka zambiri nkhani iyi ndinkaisimba kuti anthu aseke, ndipo amasekadi. Lero ndakula, ndaimapo pa mawindo a maofesi ambiri, ndipo ndikumvetsa. Bambo sanalakwitse pophunzira kwa bilimankhwe. Kungoti galu amabwera yekha, ndi maso ake ndi mantha ake. Mdani wathu ife anangotumiza munthu. Ungadzitukumule mpaka kuphulika, koma amene sakukuona sungamuopseze.