Nkhosa Zitatu Kumanzere

Kolido ya m'nyumba ya a Evaristo Barría inali ya mapazi khumi ndi limodzi kuchokera pabalaza kukafika pachitseko cha kubafa. Anaiyeza okha m'mwezi wa Juni atangotuluka m'chipatala ndi chitsulo m'chiuno, ndipo m'mawa mwake anaiyezanso poganiza kuti mwina anasokoneza powerenga. Sanasokoneze ayi. Munthu amene kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi ankazungulira bwalo la gofu la kunja kwa tawuni ya Punta Arenas, chikwama cha ndodo za eni ake chili kumsana, dziko lake lonse linali litatsala mapazi khumi ndi limodzi.

Chimene chinawagwetsa sichinali choti munthu n'kumafotokoza monyadira. Ankachokera kogula buledi, anaponda madzi oundana pamtsetse wa kwawo, basi miyendo m'mwamba, buledi uko chipewa uko. Adokotala sanapite m'mbali: mpaka chisanu chithe, phazi lisaponde panja.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ximena, anabwera pa ndege kuchokera ku Santiago, ndipo milungu iwiri imene anakhala nkhani inali imodzimodzi.

"Bambo, longedzani tizipita. Chipinda chilipo, chikepe chokweza anthu chilipo, simukakwera sitepe ngakhale imodzi."

"Ndikakhale m'mwamba muja ngati khwangwala? Ndizikayang'ana chiyani, utsi?"

"Ndiye mukhale muno mudzagwenso popanda wokuonani? Amayi akanakhala moyo sindikanavutika n'kulankhula."

"Amayi ako usawalowetsemo, iwe. Akanakhalapo bwenzi atakuthamangitsa ndi tsache."

Anakangana mpaka onse kutopa, kenako anapangana. Lolemba ndi tsiku limene bwalo la gofu limatsekedwa kwa eni ake, onyamula zikwama n'kumasewera okha. A Evaristo anati Lolemba loyamba la Okutobala, udzu ukaonekanso, adzayenda maenje asanu ndi anayi ndi miyendo yawo osagwira munthu. Akadzamaliza, Ximena awasiye m'nyumba mwawo. Akadzagwira munthu ngakhale kamodzi, akwera ndege. Ximena anavomera msanga chifukwa ankadziwa kuti ndi khomo lokhalo limene bambo ake angatulukire osachita kuwakoka.

Munthuyu anabadwira pachilumba cha Chiloé, ndipo anatsikira kumwera kuno ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kudzameta nkhosa m'mafamu. Msana utayamba kudandaula ndi kuwerama, anapeza ntchito yonyamulira mabwana zikwama. Anzake ambiri pabwalopo analinso ochokera kunkhosa, n'chifukwa chake mphepo ankaiyeza ndi nkhosa. Kuno mphepo siipuma, ndipo mpira supita kumene waulozetsa. Bwana akaima kuti amenye, a Evaristo ankazula tiudzu, kutiponya m'mwamba, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mbendera musaiyang'ane, bwana. Nkhosa zitatu kumanzere." Bwana ankalozetsa kumanzere kwa mbendera, mtunda wa nkhosa zitatu zoima pamzere, n'kumenya ngati akutaya mpira kutchire, mphepo n'kuunyamula kukauika pakamwa pa dzenje. Tsiku la mphepo yeniyeni nkhosa zinkafika makumi awiri.

Panali ena osamva, obwera ndi ndege ndi nsapato zoyera, amene ankalozetsa pambendera penipeni. Amenewo dzina lawo linali nortino. M'tawuni mawuwa amangotanthauza munthu wochokera kumpoto, koma pakati pa onyamula zikwama ankatanthauza chitsiru chokhulupirira kuti mpira upita kumene chaulozetsa. Palibe ankawatchula mokoma kuposa a Evaristo. Ankachita kuwatafuna kaye, kenako n'kuwalavulira kumbali.

Ximena atangobwerera, iwo anayamba ntchito. Pachitseko cha kubafa anapachika bulangete lochindikala limene malemu akazi awo, a Clorinda, analuka ndi manja, ndipo pakati pake anasokererapo batani lofiira. Pansi anagoneka kapu yachitsulo kuti ikhale dzenje. Denga linali lalifupi, choncho anatenga ndodo yaifupi, yongotukula mpira pang'ono. Anaima pabalaza, anayang'ana batani, ndipo mapazi anatembenuka okha monga anazolowera. Anamenya. Mpira unapita ndithu kumene unauzidwa, nkhosa zitatu kumanzere, ndipo galasi la chitseko cha kukhitchini linangoti phwaa!

Anaima pomwepo nthawi yaitali, akudikira chinthu chimene sichinabwere. Kenako anakatenga tsache.

Lolemba lililonse kunkabwera a Heriberto Mansilla, mnzawo amene ananyamula naye zikwama kuyambira tsitsi lili lakuda. Ankabwera ndi zitumbuwa za mbatata zokulunga m'kansalu, zochokera kwa akazi awo, ndi pakamwa posatseka. Sabata imeneyo anaima m'kolido n'kumawerenga ndi chala mabala a pakhoma.

"Khumi ndi anayi, onse kumanzere. Mdala, khomali linakulakwira chiyani?"

"Khala pansi udye zitumbuwa zakozo."

"Ayi, ndiuze kaye. Ukamamenya chonchi umadikira ndani kuti aubweze mpirawo? Mphepo unaitsekera panja wekha, ndi nsanza kunsi kwa chitseko."

"Manja ndi amene sakumva. Mutu ukudziwa."

"Mutu wako unayamba liti kudziwa kanthu?"

Anaseka onse, koma a Heriberto atapita nyumba inachepanso. Masiku a Julayi ndi aafupi mochititsa manyazi. Dzuwa linkatuluka anthu atamwa kale tiyi, n'kumangokwawa pamwamba pa madenga ngati nalonso lathyoka chiuno. Mbaula ya gasi inkayaka osazima, mpweya wa m'nyumba uli phee, wofunda, wonunkha mankhwala opaka. Panja mphepo inkagwedeza malata, kuliza mawaya, kugogoda pazenera ngati mnzako amene akudziwa kuti ulimo. A Evaristo ankapala chisanu pagalasi ndi chikhadabo kuti aone zovala za aneba pachingwe, n'kumadziuza okha kuti lero ndi nkhosa zisanu ndi ziwiri. Zinkawapweteka. Sikuti ankasowa anthu kwenikweni, ankasowa kukankhidwa.

Kawiri pa sabata kunkabwera mayi wa kuchipatala wowaphunzitsa kuyenda, dzina lake Fresia, wochokera kumpoto koma wamtima wabwino. Iyeyu vuto lake linali limodzi.

"Wongokani, a Evaristo. Mukuyenda ngati mukukankha ngolo."

"Mayi, tawuni yonse imayenda chonchi."

"Tawuni yonse ilibe chitsulo m'chiuno. Mutu m'mwamba, mapewa kumbuyo. Mukapendekeka, fupa lidzagwira mopendekeka, ndiye za Okutobala zanuzo muiwale."

Mawu omalizawo ndi amene anawagonjetsa. Munthu amene sankamvera ngakhale wansembe anayamba kumvera Fresia ngati mwana wa sukulu. Mapazi khumi ndi limodzi kupita, khumi ndi limodzi kubwera, msana uli chilili, kambirimbiri pa tsiku mpaka matabwa a pansi anachita njira. Akatopa ankatenga ndodo. Anajambula mzere wa choko kuchokera pabalaza kukafika pabulangete, n'kumaika mapazi pamzerewo mokakamiza, akutukwana manja awo ngati ana osamva. Mabala a pakhoma anayamba kusendera pakati. Nkhosa zitatu zinakhala ziwiri, kenako imodzi. Za pazenera zija anasiya, poti kuyang'ana zovala za aneba kunkawabwezera m'mbuyo, tsiku limenelo khoma linkalandiranso mabala.

Kumapeto kwa Ogasiti anawaimika a Heriberto pabalaza kuti aone. Mipira khumi, yonse pabatani lofiira. Ina khumi yokunkhuniza pansi, yonse m'kapu, ngwe, ngwe, ngwe.

"Wationa? Kauze Ximena agulitse bedi limene wandikonzeralo."

A Heriberto sanaseke. Anayang'ana mzere wa choko, anayang'ana mnzawo ataima njo ngati msilikali, n'kupukuta mafuta a zitumbuwa pandevu.

"Wawongoka, mnzanga," anatero.

A Evaristo anayesa kuti akuwayamikira, ndipo tsiku limenelo anadya zitumbuwa zinayi.

Lolemba loyamba la Okutobala linacha ndi dzuwa ndi mphepo yake. Ximena anali atafika dzulo lake, ndipo anawatengera kubwalo pa galimoto yobwereka. Atatsika, fungo la udzu wonyowa ndi la nyanja linawalowa mpaka m'mafupa, misozi n'kulengeza. Ananamizira mphepo. Madala anzawo asanu anali atafika kale ndi zipewa zaubweya zokokera m'makutu, ndipo anawalandira mwa masiku onse.

"Taonani, akufa auka!"

"Amuika chitsulo, tsopano aziliza makina ofufuza zitsulo pa geti ya ku banki."

"Patukani, agalu inu, muone mmene amamenyera anthu," anatero a Evaristo.

Anaika mpira. Sanazule udzu, ndipo sanazindikire n'komwe kuti sanazule. Anayang'ana mbendera ili patali ikuphupha, mapazi anakhala pamzere wa choko umene panalibe, msana chilili, ndipo anamenya. Kunena zoona, m'moyo wawo wonse sanamenyepo mpira mokoma chotero. Unanyamuka mowongoka ngati wakokedwa ndi ulusi, kulunjika pambendera penipeni. Uli m'mwamba, mphepo inautenga mosafulumira, kuupititsa kumanja, kumanjabe, kudutsa mpanda wa waya, mpaka kukagwera m'zitsamba zaminga kutsidya.

"Nortino!"

Anali a Heriberto. Mawuwo anangotuluka okha monga ankatulukira zaka makumi anayi, ndipo madala anaphulika kuseka. Kuseka kuja kunatha msanga ataona nkhope ya a Evaristo. Ximena yekha, amene za gofu sankazidziwa, ankaomba m'manja.

"Wapita kutali, bambo! Mwauona mmene unakwerera?"

A Evaristo anaika mpira wina. Anazula tiudzu tsopano, kutiponya m'mwamba, ndipo tinauluka. Anatiyang'ana mpaka kutha, koma sitinawauze kanthu. Munthu amene mabwana ankachita kulimbirana kuti awawerengere mphepo anatembenukira kwa mnzake n'kufunsa chapansipansi.

"Zingati?"

"Zisanu ndi imodzi," anayankha a Heriberto akuyang'ana nsapato zawo.

A Evaristo anatembenuza mapazi nkhosa zisanu ndi imodzi kumanzere. Koma ndodo ikutsika, manja anakumbukira batani lofiira n'kuwongola okha, ndipo mpira unatsatira mnzake kuminga. Wachitatu anangoukunkhuniza pansi kuti ulendo uyambike.

Chiuno sichinavute, Fresia ntchito yake anaigwira. Dzenje loyamba analimaliza, lachiwirinso, Ximena akuyenda pambali pawo manja ali m'matumba a jekete monga anapanganirana. Popita ku lachitatu pali kamtunda kopanda mtengo, pamene mphepo yochokera kumapiri imafika yonse osagawana ndi kanthu. Madala asanu aja atafika pamenepo anaweramira kutsogolo onse pamodzi osaganiza n'komwe, mapewa kulowetsa m'mphepo. A Evaristo anakwera mutu uli m'mwamba, mapewa kumbuyo. Mphepo inawapeza ali tambalala ngati chitseko. Inawakankha kamodzi kokha, phazi linasowa pansi, ndipo dzanja lawo linapezeka litakakamira mkono wa Ximena.

Sanagwe. Zonse zinachitika m'kanthawi kochepa kwambiri. A Heriberto anayamba kuyang'ana mitambo ngati aiona koyamba, ena aja n'kumafunafuna mipira imene sinatayike.

"Ndine ndakugwirani, bambo," anatero Ximena mofulumira. "Ndinaterereka ineyo. Tiyeni, atsala maenje asanu ndi awiri."

Iwo anamuyang'ana mwana wawoyo. Anali atabwera ulendo wonsewo kudzawatenga, ndipo tsopano ankawanamizira kuti atsale. Zinawakhudza, ndipo zinawachititsanso manyazi kuposa kuseka kwa madala kuja. Dzanja sanalichotse. Anaima choncho akumva mphepo ikuwomba kumaso, kuyesa kuiwerenga komaliza, koma inali mphepo basi, yozizira, yopanda nkhosa.

"Ximena."

"Bambo?"

"Kolido ya kwako kuja ndi ya mapazi angati?"

Ximena anaganiza kaye.

"Asanu ndi limodzi. Mwina asanu ndi awiri, mukachotsa kabati ya nsapato."

A Evaristo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapereka ndodo zazitali zonse kwa a Heriberto, n'kutsala ndi yaifupi ija.

"Kabatiyo ukaichotse," anatero. "Ndipo tidzere kunyumba, ndikatsitse bulangete la amayi ako."