Chule wa m'mtsuko wa Eliness

Eliness ndi mwana wa malemu Fabiano ndi ine Lufina. Anakwatiwa ndi Julius, mwana wa a Zelesi, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Nomsa, mdzukulu wanga wa folomu wani amene aphunzitsi amamutchula dzina pa asembule. Mmodzi yekhayo. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Julius anapita ku Joni Nomsa akuyamwa. Amagwira ntchito pafamu ya zipatso, kumene mabwana amamumasula nthawi yozizira basi, abwere ndi bulangete, agone pang'ono, abwerere. Eliness ndiye amalima puloti ya mpunga kusikimu ya Bwanje, yekha, matope mpaka m'mawondo.

Chaka china, mvula itangoyamba, anapeza chule wamkazi atagwera mumtsuko wakale kuseri kwa nyumba, mimba ili tiii ndi mazira. Anamusiya aone. Chuleyo anangokhala, osaikira. Kenako anamutengera kungalande kumene achule aamuna amalira mopikisana, ndipo posakhalitsa m'madzimo munadzaza ambululu. Anandiuza akuseka, koma maso sanali kuseka: "Amayi, wamkazi amasunga mazira mpaka amve amuna akulira. Akapanda kumva amangokhala nawo."

A Zelesi zimenezo sazidziwa. Pamaliro ena, pagulu, anandiuza kuti, "Asewere, Nomsa azingosewera ndi mbuzi? Kapena tim'pezere Julius wina wobereka?"

Ndinati, "Mwana wanga si chumba. Itanani wanu adzalire kuno."

Anthu anaseka. Sizinathandize kanthu.

Madzulo ena Julius ataimba foni, Eliness anali akadali kumunda. Anangolozetsa foniyo kungalande kuti Julius amve achule.

"Ndi chiyani chikusokosacho?"

"Anzanu, bambo a Nomsa. Iwo amabwera pa nthawi yake."

Julius anaseka, nalonjeza kuti dzinja lotsatira adzakhala pakhomo mpaka mpunga uche. Famu sinamulole. Chaka chinacho anati mapepala avuta. Sindimuda, amatumiza zovala ndi feteleza, ndipo akasiya ntchitoyo adya chiyani?

Koma Eliness imvi zayamba pachipumi. Ndinapita naye kuchipatala ku boma, madokotala anati alibe vuto. Ine ndingachitenso chiyani?

Mvula yagwanso dzana. Achule ayamba kulira. Dzinja limene analonjeza mkazi wake lija, Julius sanabwere nalo.